Apongozi Kumbuyo kwa Pikapu ya Boaz

Boaz anakweza pikapu yake mpaka munthu wamfupi ankachita kukwera ngati akulowa mu nkhokwe. Anaika masipuling'i aatali ndi matayala onga a thirakitala, ati kuti akuchikazi adziwe kuti mkamwini wawo si munthu wamba. Zaka ziwiri chikwatireni, mkazi wake Lenia anali akadali kwa amake, kumudzi cha ku Mwami, ndipo Boaz anali atatopa nako kugona yekha ku Kapata. Ankafuna chitengwa. Apongozi ake, a Sesiliya, anati ayambe aiona nyumba yatsopano ya Boaz ndi maso awo.

Vuto linali limodzi. Chikwezereni, galimotoyo ikafika pa liwiro la sikisite inkanjenjemera ngati yagwidwa malungo. Boaz anayamba wanena matayala, kenako msewu, kenako nsanje ya anthu a ku Kapata. Atatha onse owanamizira, anapita kwa a Andireya, makanika wa kuseri kwa msika.

A Andireya analowa kunsi, natulukako akupukusa mutu.

"Bwana, ni shafuti iyi, chitsulo chopereka mphamvu ku matayala a kumbuyo. Mwakweza galimoto, nayo yapendekeka kwambiri. Titsitseko beyaling'i ya pakati, tisinthe na kolosi yolumikiza shafutiyo. Mukaitenge Lolemba."

"Lolemba? Apongozi niwatenga mawa!"

"Ndiye muziyenda pa fote."

Fote! Munthu wokweza galimoto chonchija n'kumapitidwa ndi njinga za makala? Boaz anachoka atakwiya, ndipo ndi mkwiyo womwewo anaponda mafuta pa Great East Road. Apa ndi pamene anatulukira nzeru yake: ikadutsa handiredi, kunjenjemera kuja kunkachepa mpaka osamvekanso pa chiwongolero. Anaseka yekha. Amakanika a masiku ano, kungofuna kuoneka ophunzira basi.

M'mawa mwake anafika kumudzi atavala jekete. Pikapuyo inali ya mpando umodzi, ndipo aliyense akudziwa kuti mpongozi sakhala mogundana mapewa ndi mkamwini. Choncho kutsogolo kunakhala a Yakobo, malume ake a Lenia, pamene a Sesiliya anakwezedwa kumbuyo ndi amayi atatu, wina kukoka, awiri kukankha. Anawayalira mphasa, iwo n'kukhala pamwamba penipeni pa shafuti ija.

Atangolowa pa tala, sikisite inakwana, galimoto n'kuyamba gule wake. A Yakobo anamuyang'ana Boaz cham'mbali. Boaz anachita manyazi koopsa, ndiye anaponda. Eyite. Handiredi. Handiredi twente.

"Mwaiona, malume? Yasalala!"

A Yakobo anali atatseka maso, milomo ikuyenda.

Kutsogoloko kunasalaladi, koma kumbuyo chitsulo chinkalirabe pansi pa mphasa. Duku la a Sesiliya linapita ndi mphepo. Nkhuku imene ananyamula kuti akasiye kunyumba yatsopano inatsatira dukulo. Akanatha kumenya galasi, koma mayi wolemekezeka angamenyere galasi mkamwini ngati kondakitala? Anagwira zitsulo ndi manja onse awiri, kukamwa kuli gwa. Boaz atasuzumira pa kagalasi n'kuona kuti sakudandaula, mtima wake unadzaza ndi chimwemwe. Anangoti apongozi akusangalala.

Anaima pa geti ku Kapata monyadira, nathamanga kukatsekula chitseko cha nyumba kuti makatani atsopano aoneke. A Yakobo anatsitsa mlongo wawo pang'onopang'ono. A Sesiliya anaima kaye atagwira tayala, fumbi lili mbuu kumaso. Nyumbayo sanaiyang'ane n'komwe. Anatembenukira kwa a Yakobo, monga mwa mwambo, ngakhale Boaz anali pomwepo.

"Achimwene, afunseni bambo awa. Ananitenga kuzaona nyumba kapena manda?"

"Amayi, ni shafuti chabe," anatero Boaz, kuiwala kuti sakufunsidwa iye. "Lolemba akonza."

"Auzeni kuti ankadziwa, ndiye ananikweza. Ine mwana wamkazi n'nabala mmodzi. Akamufuna, azibwera kumudzi wapansi."

Anamanganso chitenje chawo, n'kuuyamba wa kokwerera minibasi, a Yakobo ali pambuyo.

Boaz anatsala pakhonde, makiyi ali m'manja. Foni inalira m'thumba la jekete. Anali Lenia, mawu ali mwaa ndi chisangalalo.

"Aikonda nyumba? Ine mapoto namanga kale."