Chitsulo Chopindika cha ku Greenside

Masiku a Chitaganya, mzinda uno ukadali Umtali, ku Greenside kunali mzungu wina amene antchito ankamutchula kuti Bwana Chidali, chifukwa ankayenda atatukumula chifuwa ngati nkhunda yaimuna. Ntchito yake inali yokhala pampando tsiku lonse, ndiye thupi linkamuyabwa. Anatulutsa galimoto m'galaja nkuiimika padzuwa, m'malo mwake nkuikamo zitsulo. Akaweruka ankalowa mmenemo, kunyamula, kutula, kunyamula, kutula, akubuula ngati ng'ombe yobereka, koma chitsulocho osachipititsa kulikonse.

Khukhi wake anali Filimoni wa ku Mulanje, munthu wa pakamwa poterera, amene anali ataphika panyumbapo zaka khumi ndi chimodzi. Iyeyu ankauza anzake kuti kwathu munthu akasenza katundu amayamba wafunsa kokatula, koma azungu anapeza nzeru yotopa popanda ulendo.

Lachiwiri lina, bwana ali ku Salisbury kumsonkhano, dona ali kokonzetsa tsitsi, lole inaima pageti. Anatsikamo Laison, mwamuna wa Emelda, mlongo wake wa Filimoni. Laison ankapakira ndi kutsitsa katundu pa kakampani kena ka malole, kotenga zinthu kusiteshoni nkumakatula m'makomo mwa azungu.

"Alamu, tabwerani kuseri kuno," anatero Laison, atapanira chikatoni chachitali m'khwapa.

"Kwagwanji, nkhope ngati mwameza chule? Emelda wakupitikitsani?"

"Zikanakhala zimenezo bwenzi ndikuimba nyimbo. Taonani."

Chikatonicho chinali chitang'ambika mbali imodzi. Laison anasolola chitsulo chonyezimira ngati kalilole, chotalika kufika pachifuwa. Chokongola ndithu. Koma chinali chopindika malo anayi, ngati njoka imene yapondedwa ndi njinga.

"Dalaivala anaponda buleki pamlatho," anatero Laison. "Mbaula yachitsulo ya dona wina wa ku Darlington inagwera pamwamba pake. Chitsulochi ndi katundu wa bwana wanu, wopakira ndine. Papepala pali nambala yanga."

Zotsalazo Filimoni ankazidziwa. Mlamu wakeyo anali atachenjezedwa kale kawiri, koyamba ataswa galasi, kachiwiri atagwetsa makina osokera. Kapitawo ananeneratu pagulu kuti kachitatu chitupa chake cha ntchito chisainidwa kuti wachotsedwa, ndipo nyumba ya kampani kukomboni alowamo wina. M'nyumbamo munali ana asanu, ndi Emelda amene mimba inali itamutsogolera kale.

Filimoni analowa m'galaja nkuyang'ana zitsulo za bwana zimene ankazipukuta m'mawa uliwonse. Zonse zinali zowongoka ngati njanji. Nkhani inathera pompo.

"Bwana abwera Loweruka," anatero. "Bweretsani pepalalo ndisaine kuti katundu wafika bwino. Mawa masana ndili pa ofu. Tikaonane kwa a Nowa."

"Alamu, Mulungu akudalitseni."

"Mulunguyo musiyeni apume. Inu muzingophunzira kumanga mbaula."

A Nowa anali mkulu wosula makasu ndi nkhwangwa kukomboni ya Sakubva, wowongolanso mafoloko a njinga ndi miyendo ya mabedi. Anachilandira chitsulocho ndi manja awiri, nkuchitembenuza, nkutsinzina diso limodzi, nkuchitembenuzanso.

"Mbaula imeneyi inapita kusukulu," anatero. "Yapinda uku ndi uku mofanana."

"Madala, sitinabwere kudzayamikira mbaula," anatero Laison.

"Ine ndangonena zimene maso aona."

"Maso akalamba amaonanso zambiri, madala," anatero Filimoni. "Kolezani moto."

A Nowa sanali munthu wokangana ndi ntchito yobwera yokha pakhomo. Anapukusa mvukuto, makala anafiira, nyundo inalira. Dzuwa lisanapendeke kwenikweni chitsulo chinali chitawongoka moti atachigubuduza pathabwa chinayenda osadumpha. Kunyezimira kokha ndi kumene kunatha, pomwe panapsa panada bii. Filimoni anati zimenezo nzazing'ono, iye anawalitsapo mapoto oti dona anali atawataya. Anakwera njinga kubwerera ku Greenside akuimba mluzu, akudziona ngati munthu amene anabadwira kukonza zolakwa za anzake.

Lachinayi m'mawa dona analowa kukhitchini ali ndi buku la zithunzi, lija azungu amaitanitsira katundu ku Joni.

"Filimoni, katundu wa bwana anafika?"

"Anafika, dona. Ali m'galaja, m'chikatoni chake."

"Usatsegule, amafuna kutsegula yekha ngati mwana." Anatambasula bukulo patebulo, pambali pa anyezi. "Ndi chimodzi mwa izi, chokhotakhota. Miyezi itatu akusankha, ine makutu kuwawa. Dokotala anamuuza kuti chowongoka chija ndi chimene chikumupweteka mfundo za manja. Akuti chokhota chimagwirika bwino. Kaya."

Filimoni anayang'ana. Patsambapo panali zitsulo zitatu, chilichonse chopindika, ndipo pambali pake mzungu wa minofu ngati mabanzi akumwetulira, atagwira chopindika chomwecho. Mpeni unamupulumuka m'manja.

"Wadwala?"

"Anyezi, dona."

Dona atatuluka, Filimoni anakhala pansi penipeni, pasimenti, kwa nthawi yoyamba m'zaka khumi ndi chimodzi. Ndiye kuti kunja kuno kuli anthu amene amapinda chitsulo dala, nkuchigulitsa, wina nkuchiyembekezera miyezi. Iye ndi mlamu wake anali atachiritsa munthu wosadwala.

Lachisanu Filimoni anapha ndi pakamwa azakhali ake a ku Penhalonga, amene anali atawaphapo kale kawiri, ndipo dona anamulola kupita kumaliro. Tsamba lija analidula ndi lumo nkulipinda m'thumba. Laison anathawa kuntchito nthawi ya chakudya. Anakumana atatu pachipala cha a Nowa, mitu pamodzi, pepala pakati.

A Nowa sananene kuti ndinanena. Anangotsokomola motalika, ndipo kutsokomolako kunapweteka kuposa mawu.

"Chabwino," anatero. "Chinali chiti?"

Apa ndiye panagona nkhani. Chapamwamba chinali chopindika pang'ono, mwaulemu. Chapakati chinali chopindika kwambiri. Cham'munsi chinali ngati mahandulo a njinga ya mpikisano. Bwana sanachonge paliponse. Mawu a Chingerezi anali pansi pa chilichonse, koma Filimoni, amene sukulu anailekera pomwe imayamba kukoma, anangotolapo kuti zonse zitatu ndi zabwino kwambiri.

"Cham'munsichi," anatero Laison. "Ndinachiona ndi maso angawa. Chinali chitapindikiratu."

"Inu munkaona ndi mantha, alamu. Tsiku limene lija ngakhale singano mukanati ndi mbedza."

"Nanga inu mukuti chiti?"

Filimoni analiyang'anitsa pepalalo padzuwa, kufuna kuona ngati chala cha bwana chinasiya mafuta penapake. Analinunkhiza. Linkanunkha anyezi.

"Mzungu sangasankhe miyezi itatu nkutenga chopindika pang'ono," anatero. "Akafuna chinthu amafuna chochuluka."

"Manja angawa akuti chapakati," anatero a Nowa. "Ndinamenya malo anayi."

"Zonsezi zili ndi malo anayi, madala."

"Ndiye mwandifunsiranji?"

Anaweramiranso papepala. Patsidya pa msewu mayi wina Mshona wogulitsa masamba ankawayang'ana, nkufuulira mnzake kuti abwere adzaone Mabhurandaya atatu, dzina limene ankanyozera nalo anthu a ku Nyasaland, akupemphera kwa pepala. Tsiku lina Filimoni akanamuyankha mpaka msika wonse kugwa ndi phwete. Tsikuli sanatembenuke nkomwe.

Anasankha chapakati, poti munthu wosokera amayenda pakati pa njira.

"Ndikuuzeni," anatero a Nowa akukoleza moto, "chitsulo chikalowa pamoto kawiri chimakhala ndi mtima wake. Komanso chithunzichi nchotalika ngati chala changa. Ine ndiyeza ndi chiyani?"

Anayeza ndi udzu. Ankathyola kaudzu pachithunzi, nkukawerenga kakhumi ndi kasanu pachitsulo, nkulemba ndi khala. Laison ankagwira mbali imodzi ndi chiguduli, thukuta likugwera pamoto. Kupinda koyamba kunayenda bwino. Kwachiwiri kunapitirira, ndipo pobweza kunabwerera mopitiriranso. Pomaliza chitsulocho chinali ndi malo ake anayi, inde, koma atachigoneka pathabwa mbali imodzi inadzuka ngati galu akukodza.

"Wongolaninso pang'ono," anatero Laison.

"Ndikachikhudzanso chithyoka. Sankhani, chopunduka kapena ziwiri."

Pobwerera Filimoni anadzera kwa mmwenye nkugula kachitini ka penti wa siliva, uja amapakira mapaipi a mbaula. Anapaka kuseri kwa khaya lake, kanyumba ka wantchito, kawiri, ndi nthenga ya nkhuku kuti pasaoneke mizere. Ukaima kutali, utatsinzina, utamwako pang'ono, chinkaoneka ngati cha m'buku. Anachilowetsa m'chikatoni nkumanga bwinobwino.

Bwana Chidali anafika Loweruka cha m'ma teni. Chipewa sanavule, dona sanamupsompsone, analunjika kugalaja. Filimoni anaima pazenera la kukhitchini akupukuta mbale imodzi yomweyo.

Kunamveka kung'ambika kwa chikatoni. Kenaka zii. Kenaka kulira kwa zitsulo zozungulira zolemetsera akuzilowetsa uku ndi uku, chifukwa munthu akalakalaka chinthu miyezi itatu safulumira kukhulupirira maso ake. Kenaka chinthu cholemera chinagwa pasimenti nkugubuduka mpaka kukagunda chitseko.

"Filimoni!"

Anamupeza ataima pakati pa galaja, zikhato zili mbuu ndi siliva, ngati wagwira nsomba.

"Wabweretsa ichi ndani?"

"Lole, bwana."

"Pepala lili kuti?"

Pepala linali pamsomali, pomwe mapepala onse ankakhala. Bwana analithothola, nkulisiyira chidindo cha chala chasiliva. Filimoni anaona kuti njira yatsala imodzi. Anavula kapu yake yoyera nkuigwira ndi manja awiri.

"Bwana, ndine. Chinafika bwinobwino. Ine ndinaona ngati chapindika panjira, ndiye ndinachiwongola. Kenaka ndinachipindanso. A lole sakudziwa kanthu."

Bwana anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nkubwereranso. Kenaka anaseka, kuseka kwa munthu wokwiya.

"Iwe? Iwe amene botolo la jamu umabwera nalo kwa ine kuti ndikutsegulire?"

"Ndi moto, bwana. Ndinapita nacho kwa..." Anaima. Dzina la a Nowa likanangowonjezera munthu wachitatu m'dzenje.

"Kwa yani? Aikona, Filimoni. Ndimakudziwani anthu a ku Nyasaland, mumabisana ngati nsabwe. Anachiponda ndi lole, nkuchimenya ndi nyundo, nkuchipaka penti kuti ine ndine chitsiru. Iwe unangosaina osayang'ana. Pita ukaphike."

"Bwana, ndikulumbira, ndichotseni ineyo."

"Ndikuchotse ndidye chiyani? Pita!"

Telefoni inali m'khonde la m'kati, pafupi ndi kazenera kopatsira chakudya. Mwini kampani ya malole ankamwa ndi bwana kukalabu, ndiye sipanafunike kulemba kalata. Filimoni anamva zonse. Anamva bwana akufotokoza chitsulo chimene anaitanitsa, anamva akuwerenga nambala ya papepala, kawiri, pang'onopang'ono. Anamva akuseka pomaliza nkupangana za gofu. Dona anasuzumira nkunena kuti tiyi wachedwa, ndipo Filimoni anatereka ketulo.

Cha m'ma thili, azungu atagona masana, kunamveka kugogoda pa kageti ka kuseri. Anali Laison, atavala malaya akeake, ovolosi ya kampani palibe. Chitupa chinali m'manja.

"Andipatsa masiku asanu ndi awiri," anatero. "Nyumba alowamo a Kenani a kuntchito kwathu."

"Ndinawauza kuti ndine, alamu. Ndinavula ndi kapu yomwe."

"Ndiye?"

"Akuti sindingathe."

Laison anagwedeza mutu ngati nayenso akuvomereza. Anakhala pamwala, nkumatembenuza chitupacho.

"Komabe, chinali chiti?"

"Chapamwamba."

"Chija palibe anachiloza?"

"Chomwecho."

Patapita nthawi Laison anafunsa, maso ali pansi, ngati Emelda ndi ana aang'ono awiri angadzagone kukhaya kuno, masiku ochepa chabe, iye akufunafuna ntchito kumafamu. Filimoni anatembenuka kuyang'ana kachipinda kake, ka bedi limodzi, kamene dona ankalowamo mwezi uliwonse kuona ngati mulibe munthu wopanda pepala.

"Ndifunsa," anatero.

"Funsani, alamu."

"Emelda mwamuuza?"

"Ndimati tipitire limodzi. Inu mumatha kulankhula."

Filimoni anatsegula pakamwa, koma m'nyumba belu linalira. Linaliranso. Anapukuta manja pa epuloni, ngakhale anali ouma.

"Dikirani pompo," anatero. "Ndikangopereka tiyi."