Mwana Wowongoka

Telala anali atalowetsa kale sizasi kumsana kwa mkanjo wa achimwene ake pamene mlamu wake, mkazi wa malemuwo, anayamba kunena chimene anabwerera. Mkanjowo unali wa woweruza milandu ya ana, koma a kumochale anati mtembo suvala chovala chosang'amba kumbuyo, kaya ndi wa woweruza. Telala ankadula pang'onopang'ono. Ntchito yokoma chonchi sankafuna kuti ithe msanga.

Mlamuyo anati ofufuza za ziphuphu akhala akuzungulira nyumba, maso ali pa matailosi ndi galimoto. Akuti malemu ankalandira kangachepe pa mwana aliyense amene ankamutumiza kunyumba yowongolera ana ya bwana wina wabizinesi. Nanga nyumba ikalandidwa, iye akagona kuti? Tsono bwanayo anali ndi nzeru: pamaliro payankhule mwana mmodzi wowongoka, athokoze. Ndipo ndani angapose mphwawo weniweni wa malemu, mwana wa telalayo?

"Anthu akamva kuti sanakondere ngakhale mwana wa mlongo wawo, alamu, pakamwa patsekeka."

Mwanayo anapita kumeneko ali ndi zaka khumi ndi zitatu, ataswa zenera la kusukulu ndi mpira. Tsiku limenelo telala anagwada muofesi ya achimwene ake, iwo n'kumuuza kuti kuwongola mtengo m'poyamba. Lero ndi bambo wa ndevu zake, amawotcherera zitsulo, koma ngakhale m'nyumba ya mayi ake amapemphabe chilolezo akafuna kupita kuchimbudzi.

"Ayankhula," anatero telala, akuluma ulusi.

Mlamu anachoka akulira ndi kuthokoza. Telala anakhazika mwana wake pampando wa makasitomala n'kuyamba kumulowezetsa zokanena. Akanene za chipinda chopanda zenera. Akanene za mano awiri amene anawasiya kumeneko, ndi za mnzake uja anatuluka atakulungidwa m'bulangete. Bwanayo akamuloze ndi chala, anthu onse akuona. Mwanayo ankangoti inde amayi, mmene amayankhira chilichonse, mpaka telala anafuna kumugwedeza.

Mwambo unachitikira m'holo yaikulu. Oyankhula anati kwagwa mtengo waukulu, wina anati phiri, wotsatira wake atasowa choposa phiri anangoti mapiri. Bwana wabizinesi analira mpaka kubwereka mpango wachiwiri, ndipo sikuti ankanamizira: bizinesi yake inali yoferedwa. Kalaliki wakale wa malemu, amene anakalambira pansi pa tebulo lawo kukhoti, anaima pambali pa bokosi atatukumula chifuwa ngati mlandu uyamba posachedwa. Ofufuza awiri anakhala kumapeto kwa benchi, atavala zakuda ngati anzawo.

Ataitana mwana wowongoka, telala anafinya chikwama chake. Mwanayo anapita kutsogolo, anayang'ana maikolofoni, koma sanaikhudze. Anamasula lamba. Anawerama n'kusolola zingwe za nsapato, iyi kenako inayo, n'kuika zonse pabokosi pambali pa maluwa. Ndiye anaima mutu uli pansi, dzanja limodzi litagwira buluku kuti lisagwe.

Akutsogolo sanamvetse. Koma kumbuyo kunali amayi a ana ena otumizidwa kunyumba ija, amene sanaitanidwe ndi aliyense, ndipo kumeneko kulira kunayamba. Iwo ankadziwa: umu ndi mmene malemu ankafunira kuti mwana aime asanamve n'komwe mlandu wake, poti galimoto ya bwana uja inkakhala ili kale panja, ndipo woweruza sankakonda kudikiritsa munthu. Ofufuza aja anatembenuka, n'kuyamba kuwayang'ana amayiwo mmodzimmodzi.

"Alamu, akutani mwanayu?" ananong'ona mkazi wa malemu.

"Akuthokoza," anatero telala.

Kalaliki, osaganiza n'komwe, anatola lambayo, anakulungapo zingwezo mwaluso, n'kucheukira kukhomo kuti aitane wotsatira.