Disiki ya Achibale

"Chithunzi chomwe ndajambula ine sichifa," ndinamva Tamwetulani akuuza kasitomala kuseri kwa matabwa olekanitsa situdiyo yake ndi shopu yanga yosindikizira. "Inu mudzapita, ana anu adzapita, koma nkhope yanu idzatsala, tsitsi lililonse pamalo pake."

Kasitomalayo anaseka ngati wauzidwa nkhani yabwino. Ine ndinapitiriza kudula mapepala. Zithunzi zake zikuluzikulu ndimasindikiza ndine, ndiye ndimadziwa kuti kwa Tamwetulani moyo wosatha uli ndi magiredi.

Dzinali anam'patsa ndi anthu, chifukwa mawu oti "tamwetulani" amawanena ngakhale akujambula nyumba. Ntchito amaidziwa, bodza n'loipa. Pashelefu yapamwamba amasunga madisiki awiri ofanana a mabwana ndi maukwati a ana awo. Mmenemo muli mafayilo a RAW, chithunzi chosaphika monga kamera inachigwirira, ndi a TIFF, olemera ngati njerwa koma osataya kanthu. Pakati pali disiki ya anthu olipira monyinyirika, omwe amawasunga mu JPEG yabwino ndithu. Pansi, pafupi ndi ketulo, pali kadisiki kakale komangidwa ndi tepi. Ako ndi ka achibale. Zithunzi zawo amazifinya kukhala JPEG yaing'ono yongokwana pafoni, RAW n'kuifufuta tsiku lomwelo.

"Wachibale safuna chithunzi, amafuna kudziona," anandiuza tsiku lina. "Malo pa disiki si madzi a mvula, aneba."

Achemwali ake anabwera m'mawa wina maso atatupa. Amuna awo, dalaivala wa basi, anali atamwalira dzulo lake. Anali munthu wothawa kamera ngati ali ndi mlandu, moti chithunzi chake chenicheni chinali chimodzi chokha. Tamwetulani anamujambula mobera tsiku lomwe mwana wawo anamaliza sukulu, akuseka, chipewa chili m'manja.

"Ndikufuna chija, chachikulu, choti chiime pambali pa bokosi," anatero mayiwo. "Cha pafonichi n'chochepa. Chenicheni uli nacho iwe."

"Musadandaule achemwali, muno simusowa kanthu."

Anatsitsa disiki yapamwamba n'kuyamba kufufuza mwaulemu, ngakhale ankadziwa kuti alamu ake sanapondemo. Anatsitsa yapakati. Mayiwo anangoima, chikwama chili pachifuwa, kumuyang'ana akutuluka thukuta. Kenako Tamwetulani anagwada n'kusolola kadisiki ka tepi kaja.

Fayiloyo anabwera nayo kwa ine, achemwali ake ali pambuyo. Ndinaikulitsa pa kompyuta mpaka kukula komwe ankafuna. Malaya anaoneka kuti ndi malaya. Nkhope inasanduka timabokosi, tofiirira ndi takuda, ngati matailosi a m'bafa. Pamene panali mano panatsala kamzere koyera.

"Makina anuwa ndi akale," anatero Tamwetulani.

Ndinayang'ana kukhoma. Makinawo anali atangomaliza kusindikiza ntchito yake ina, yomwe inali kuuma pakhoma: galu wa mwini kampani ya mabasi, wamtali kuposa munthu, ubweya uliwonse ukuwerengeka, ngakhale dontho la dovu palilime.

Tamwetulani anakhala pampando wanga n'kuyamba kusalaza timabokosito. Patapita nthawi panatuluka munthu wa nkhope ya sopo, wosalala, wokongola, yemwe palibe anamuonapo.

"Uyu ndani?" anafunsa mayiwo.

"Ndi alamu, ndangowakonza pang'ono."

"Bweza amuna anga."

Anabweza timabokosi tija. Mayiwo anatembenuka n'kuyang'ana galu uja nthawi yaitali.

"Galuyu amakhala pa disiki iti?"

"Achemwali, zimenezi ndi zaukatswiri, n'zovuta kufotokoza."

"Yapamwamba?"

"Mwini wake amalipira malo."

"Kamera yako yoyamba, firiji yanga inalipira. Alamu akowa anainyamula okha kukaigulitsa, ife n'kumamwa madzi otentha chaka chonse. Ukaledzera umati ngongole imeneyo sudzaimaliza."

"Ndipo ndimanena zoona."

"Eya, poti sunaiyambe." Anatembenukira kwa ine. "Bambo, sindikizani chimenechi mmene chililimu. Pansi pake muikepo dzina la situdiyo yake, monga amachitira pa zithunzi za anthu."

"Dzinalo tingolisiya," anatero Tamwetulani. "Pamaliro si potsatsira malonda."

"Katswiri sabisika. Ikanipo."

Ndinaikapo. Dzina lake amalisunga mu fayilo yabwino kwambiri, moti linatuluka lakuthwa, lagolide, lowerengeka kuchokera kutsidya kwa msewu.

Kumaliro ndinapita chifukwa chithunzicho ndinakapereka ndine. Holo inadzaza madalaivala, makondakitala, aneba ndi anzawo a mayiwo. Kutsogolo kunakhala mwini mabasi, mwini galu uja, ndi akazi ake omwe zithunzi zawo zimadzaza theka la shelefu yapamwamba. Choimikapo chithunzi chinalipo, koma mayiwo anauza anthu kuti achichotse.

"Anyamula ndi mlamu wake," anatero.

Tamwetulani anaima pambali pa bokosi mu suti yake yojambulira maukwati, chithunzi chili pachifuwa. Odutsa kudzaona nkhope ankayamba ayang'ana m'bokosi, kenako chithunzi, n'kutsinzina diso limodzi. Ena ankabwerera m'mbuyo pang'ono poganiza kuti patali chioneka. Mayi ake a malemu, okalamba ndithu, anapukuta magalasi awo kawiri, n'kufunsa mokweza ngati maso awo afika pothera. Kondakitala wina anawerenga dzina lagolide lija motulutsa mawu, monga amachitira anthu akaona cholembedwa chachikulu.

Akazi a mwini mabasi ananong'oneza amuna awo. Amunawo anayang'ana Tamwetulani monga amayang'anira tayala lomwe layamba kutha.

Itafika nthawi ya achibale, mayiwo anaimirira. Sanalire. Anathokoza a kuntchito, aneba ndi onse omwe anathandiza kuchipatala. Kenako analoza mlongo wawo.

"Uyu ndi mlongo wanga, wojambula wamkulu, ambiri mumamudziwa. Kamera yake yoyamba tinamugulira ife ndi malemuwa. Wakhala akudandaula kuti sadziwa adzatibwezera bwanji. Ndiye ndati ndinene pamaso panu kuti asavutikenso. Watibwezera ndi chimene wanyamulacho, ndipo ndalandira." Anayang'ana Tamwetulani. "Tathana, achimwene. Mulibe nane ngongole, ndipo mulibe chodzera kwathu."

Aka kanali koyamba kumva akumutchula mwaulemu chotero.

Mayiwo anakhala pansi. Woyendetsa mwambo anatsokomola n'kuitana nyimbo. Amuna asanu ndi mmodzi ananyamula bokosi, anthu n'kuyamba kutuluka pambuyo pake, akumulambalala Tamwetulani mbali zonse. Iye anayang'ana uku ndi uku kufuna woti amupatsire chithunzicho. Aliyense manja anali otanganidwa.