Mugwara wa a Benard

"Tulukani nonse! Budai!" anakuwa a Benard, mugwara, chitsulo chawo chachitali chija, uli m'manja.

Tinali pansi, mumgodi wathu waung'ono kunja kwa Bindura, ndipo msempha wa golide unali utangoonekera m'mawa womwewo. Kapitawo ndinali ine, mwini satifiketi ya zamigodi yopachikidwa pakhoma la nyumba yanga ku Aerodrome. Iwo anali nkhalamba yobadwira m'komboni, makutu atagontha kalekale ndi makina oboolera miyala. Ntchito yawo inali kugogoda denga ndi chitsulo chimenecho tisanayambe kukumba.

"Denga lamasuka, mwanangu. Ligwa ili."

Tinathawa, ena mpaka kusiya nsapato m'matope. Tinadikira kunja tsiku lonse, mawa lakenso. Sipanagwe ngakhale kamwala.

"Gonthi angamve bwanji mwala, shefu?" anafunsa Chrispen, mlamu wanga amene ankanditchula choncho m'malo moti bwana, anthu n'kufa nacho chiseko. Ndinaseka nawo, koma mumtima manyazi anali atandigwira. Munthu wasukulu kuthamangitsidwa ndi gonthi! Ndinawauza a Benard kuti akapume kwa mwana wawo ku Musana. Sanatsutse. Anangotsamiritsa mugwara pakhomo la mgodi.

"Mwala sunena tsiku," anatero, n'kumapita.

Lachinayi tinatsikanso. Muwilibala imene tinaisiya yopanda kanthu tinapezamo timiyala ndi fumbi. Amuna asanu anaima kumbuyo kwanga, ndipo Chrispen, amene kunyumba anasiya mlongo wanga Rozina ali ndi pakati, anandipatsira mugwara uja.

"Gogodani ndinu, shefu. Paja munaphunzira."

Ndinagogoda. Ngo! Ndinasuntha pang'ono n'kugogodanso. Ngo! Kwa ine kaliridwe kanali kamodzimodzi. Buku linkati mwala womasuka umalira mosiyana, koma buku lilibe mawu oti munthu n'kumva.

"Zili bwanji? Tiyambe?" anafunsa Chrispen.

Mantha anandigwira. Apa m'pamene ndinakumbukira chimene ndinkachiona tsiku ndi tsiku osachilabadira. Pogogoda, a Benard ankasanjika chikhatho chamanzere padenga. Makutu analibe nawo ntchito.

Denga linali lalifupi. Ndinakweza dzanja, kuligunditsa pamwala wozizirawo, n'kumenya. China chake chinanjenjemera. Chrispen anali atadzutsa kale piki, maso ali pa ine, koma sindinathe kudziwa ngati chonjenjemeracho chinali denga kapena dzanja langa.