Chotupa cha Kapitawo

Telala aliyense ali ndi bodza lake. Wina amati mubwere Lachisanu pomwe nsalu sanaidule n'komwe. Bodza la telala wathuyu linali la chifundo. Poyeza munthu m'chiuno ankakoka tepi pang'ono, n'kutchula nambala imene mwini chiuno angakonde kumva. Podula nsalu ankabwezerapo zala ziwiri mwakachetechete, chovala n'kukwana bwinobwino, kasitomala n'kumapita akumwetulira kuti sananenepe. Anachita zimenezi zaka makumi atatu, mpaka dzanja linazolowera kukoka lokha iye osalituma.

Shopu yake inali kachipinda kamodzi koyang'ana kumsewu: makina osokera pafupi ndi zenera, simbi pakona, tebulo lodulira pakati. Patebulopo ndi pomwe pankakhala Kapitawo, mphaka wamkazi wakuda wa phazi limodzi loyera. Dzinalo analipeza chifukwa cha ntchito yake, yomwe inali kugona pa nsalu za eni n'kumayang'ana ena akutuluka thukuta. Analowa yekha m'shopumo mwezi umene mkazi wa telalayo anamwalira, ali kamwana konyowa ndi mvula, ndipo kuyambira pamenepo telala anapeza womudandaulira za msana wowawa ndi za makasitomala obwera ndi nsalu yochepa koma ofuna diresi lokwekwera pansi. Panatha zaka khumi ndi ziwiri ali awiriwiri chomwecho. Chinthu chokha chimene Kapitawo ankadzukira chinali tepi. Ikangolendewera pakhosi pa telala, ankaiwakha ngati mdani wakalekale.

Tsiku lina telala akumunyamula kuti amuchotse pa nsalu, chala chake chinagunda kanthu kolimba pansi pa mimba, kofanana ndi batani la malaya. Mawa lake anamuika m'dengu n'kupita naye kwa dokotala wa ziweto. Dokotalayo anali mayi wachichepere wosadziwa kuzungulira nkhani. Anapapasa mphakayo, n'kugwedeza kanthuko ndi zala.

"Pakadali pano chotupachi n'chaching'ono, ndipo chikusuntha pansi pa khungu," anatero. "Ine ndikanakonda tichichotse sabata ino. Koma sindikubisirani, bambo, mphakayu wakalamba. Okalamba ena tikawagonetsa sadzuka."

"Nanga tikachisiya?"

"Mwina chikhala chomwecho, mwina chikula. Mumagwira ntchito yanji?"

"Ndine telala, adokotala."

"Ndiye tepi muli nayo. Muzichiyeza Lolemba lililonse. Chikangopitirira masentimita awiri, mubwere naye tsiku lomwelo."

Pa mawu onsewo, telala ananyamula amodzi okha: sadzuka. Mkazi wake naye analowa m'chipinda cha opaleshoni akuseka, atamuuza kuti asaiwale kuzimitsa simbi, ndipo sanadzuke. Choncho telala anabwerera ndi dengu lake, mtima uli m'malo kuti wapatsidwa ntchito yomwe akuidziwa kuposa dokotala.

Lolemba lililonse m'mawa, asanatsegule chitseko cha shopu, ankagoneka Kapitawo chagada pamiyendo, n'kuika tepi pa chotupacho uku akulimbana ndi zikhadabo. Nambala ankailemba ndi choko chodulira nsalu pakhoma, kuseri kwa makina. Awiri. Sabata inayo, awiri. Miyezi isanu nambala imodzimodziyo inatsika ndi khoma mpaka kufika pa msinkhu wa mpando. Sikuti ankanama mwadala, ayi. Ankayambira tepi mkati pang'ono, chala chachikulu n'kudinikiza, maso n'kuwerenga zimene mtima unkafuna. Kapitawo atasiya kudumphira patebulo, telala anati ndi ulesi wa akapitawo onse, n'kumuikira kampando kokwerera.

Amene anaulula bodzalo anali mwana wake wamkazi, yemwe ankakhala tsidya lina la tauni ndipo ankabwera mwa apo ndi apo. Anafika Loweruka masana ndi siketi yothyoka zipi. Pofuna kukhala pa kampando kaja ananyamula mphakayo, kenako dzanja lake linagunda chotupa chija.

"Bambo, ichi n'chiyani?"

"Ndi kachotupa kaja. Kali pa awiri, sikakukula. Taona pakhomapo."

Mwanayo sanayang'ane khoma. Anachotsa tepi pakhosi pa bambo ake n'kuigoneka pa chotupacho osakoka, osadinikiza.

"Asanu," anatero.

"Sudziwa kuyeza iwe."

"Ndikudziwa kuyeza kwanu, bambo. Diresi langa la ukwati munandiuza nambala yomwe ndinainyadira chaka chonse, mpaka telala wina anandiseka. Mwakoka."

Mwanayo anafuna kuseka koma kuseka kunakana. Telala analanda tepiyo, nayeza yekha mwana wake akuyang'ana, ndipo anaona ndi maso ake chala chake chikupita kukadinikiza ngati chili ndi nzeru zakezake. Anachichotsa. Tepi inati asanu, n'kachidutswa pamwamba. Manyazi anamugwira, koma mantha ndiwo anaposa.

Lolemba anapita onse awiri. Dokotala anapapasa nthawi yaitali, najambula mphakayo m'chifuwa, kenako anawaitanira m'kachipinda konunkha mankhwala opopera pansi. Sanafunse chifukwa chomwe anachedwera, ndipo kusafunsako kunamupweteka telala kuposa kukalipiridwa.

"Chagwira mnofu tsopano, sichikusunthanso," anatero dokotala. "M'mapapo namo mwayamba timadontho. Opaleshoni ndikhoza kuchita, koma mumve mmene imakhalira. Sitidula chotupa chokha. Timadula mozungulira, kutengako ndi khungu labwinobwino mbali zonse, kuti tisasiye mizu."

Anajambula ndi chala pamimba pa Kapitawo malo onse oyenera kuchoka. Telala anatsatira chalacho, ndipo maso ake anachita zimene akhala akuchita moyo wake wonse: anayeza chotsala, mbali iyi ndi mbali iyo, n'kuzikumanitsa pakati. Sizinakumane.

"Potseka mutseka ndi chiyani, adokotala? Khungu lotsalalo silikwana."

"Likwana movutikira. Tiyenera kulikoka kwambiri, ndipo bala lotere limatha kutseguka. Akadzuka, akhala milungu ingapo akumva ululu. Za m'mapapozo mpeni sungazifike."

"Ndiye tikhala tamugulira masiku angati?"

"Mwina miyezi itatu. Mwina osakwana."

"Tiyese, bambo," anatero mwana wake. "Miyezi itatu si yochepa. Mukakhala bwanji nokha m'shopu muja?"

Telala anayang'ana mphaka wake. Ankafuna miyezi itatuyo. Akanalola ngakhale umodzi. Anasisita phazi loyera lija, Kapitawo n'kumunyambita chala ngati palibe mlandu pakati pawo.

"Ndikanabwera chili pa awiri enieni?" anafunsa.

"Bambo, musadzizunze," anatero mwana wake.

"Ndikufunsa adokotala."

Dokotala anavula magalasi n'kuwapukuta ndi m'mphepete mwa malaya. "Bwenzi tikukamba nkhani ina," anatero.

Telala anagwedeza mutu. Madzi akatayika sawoleka, amadziwa aliyense, koma zimawawa mwapadera ukakhala kuti wagwetsa ndowa ndiwe. Anakumbukira makasitomala onse amene anawabweza pakhomo ndi nsalu zawo zochepa. Ankawauza kuti msoko wokokera sukhalitsa, umang'ambika tsiku loyamba, ndipo kuli bwino nsalu ibwerere yathunthu kusiyana n'kuti aidule n'kuiwononga. Pa nkhani imeneyo yokha sananamizepo munthu.

"Musamudule," anatero. "Mundipatse za ululu."

Mwana wake analira, nati bambo ake aopanso ngati mmene anaopera poyamba. Mwina ankanena zoona. Telala mwiniwake sakanatha kulumbira kuti chimene chinayankhula m'kamwa mwake chinali chifundo kapena mantha akale aja atavala malaya atsopano. Dokotala anawapatsa kabotolo ka mankhwala odonthezera m'kamwa, nawauza zizindikiro zoti akaziona abwere naye komaliza: akasiya kudya, akayamba kupuma ndi kamwa.

Anabwerera pa basi, dengu lili pamiyendo pa telala. Pa siteji mwana wake anamugwira dzanja, nati abweranso Loweruka, ndipo zipi ija asavutike nayo.

Sabata imeneyo ntchito inayenda monga mwa masiku onse, poti mathalauza a anthu sadziwa za mavuto a telala. Kapitawo anasiya kampando kaja n'kusamukira m'katoni ya zidutswa za nsalu pansi pa tebulo. Ankadya pang'ono, telala akachita kumunyengerera. Anabwera bambo wina wamimba kudzayezetsa suti, telala namuuza nambala yeniyeni, bamboyo n'kutuluka atakwiya osabweranso.

Lolemba linafika. Panalibenso chifukwa choyezera, koma telala anatseka chitseko, nagwada pansi pa tebulo mawondo akulira, n'kutulutsa Kapitawo m'katonimo. Anali wopepuka ngati mtolo wa zidutswa zomwezo. Anamugoneka pamiyendo n'kuika tepi mofewa, chala chachikulu atachipinda m'dzanja. Asanu ndi limodzi. Anatenga choko n'kulemba nambalayo pakhoma, pansi pa mzere wautali wa awiri aja, ndipo sanafufute ngakhale imodzi.

Kenako anakweza tepi m'mwamba n'kuigwedeza pamphuno pa mphakayo, kachitsulo ka kunsonga kakuvina monga kale.

"Gwira, Kapitawo. Mdani wako uja ndi uyu."

Kapitawo anaitsatira ndi maso, uku ndi uko, kawiri. Phazi loyera lija linanyamuka pang'ono, n'kubwerera pomwe linali.