Injini ya Pakhomo la Khola la Nkhuku

Achimwene anga a Hedley ndinawaona komaliza ali pabwalo, buledi ali kukamwa, akuliza njinga yamoto. Kunja kunkawaza kamvula. Injini italira, nkhuku zonse zinabalalika.

"Profesa!" anandikuwira. "Chinthu chakochi n'chilombo! Kungochikhudza pang'ono, chikufuna kuuluka!"

"Dikirani ndivale nsapato, tipitire limodzi."

"Khala uwerenge iwe, mayeso ayandikira. Ndibwera tiyi asanazizire."

Anawapeza ndi mbusa wa nkhosa masana, ku Khwawa la Mtovu, kunsi kwa thanthwe loterera. Njinga inali itawapsinja pachifuwa. Dokotala anati anakhala ndi moyo maola awiri. Maola awiri, ine ndili patebulo ndi buku.

Mpikisano wathu kuno kumapiri si wa liwiro. Umakwera miyala, matope ndi mitsinje pang'onopang'ono, ndipo ukangoponda pansi ndi phazi, woyang'anira amakulembera cholakwa. Wopambana ndi amene waponda pansi kochepa. Njinga yathu inali ya malemu bambo, ya injini yachikale ya mavavu am'mbali, tizitseko tolowetsa ndi kutulutsa mpweya. Ine nditaphunzira zamakina chaka chimodzi ku koleji, ndinayamba kuinyoza. Ndinkati ndi injini yotchetchera kapinga. Ndinalemba masamu masamba atatu osonyeza kuti ya mavavu apamwamba ingapereke mphamvu kuwirikiza kawiri. A Hedley anandikhulupirira, chifukwa m'banja mwathu wophunzira ndinali ine. Tinasintha. Yakaleyo tinatsamiritsa nayo chitseko cha khola la nkhuku.

Ku koleji sindinabwererenso.

Chaka chili pafupi kukwana, a kalabu yathu ya njinga analengeza mpikisano wokumbukira a Hedley, wodutsa pa thanthwe lomwelo. Mlongo wanga Thelma, wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ananena nkhaniyi tikudya.

"Ndalembetsa dzina. Ndikwera njinga ya achimwene."

Amayi anaika foloko pansi. "Ndinaika kale mmodzi m'manda."

"Amayi, m'nyumba muno takhala ngati tonse tinaikidwa tsiku lomwelo. Achimwene a Selwyn awa sametanso ndevu, ayamba kufanana ndi tonde wa a Dinsdale."

"Sukwera," ndinatero ine.

"Mundimanga ndi chingwe?"

Loweruka m'mawa ndinatenga hamala yaikulu n'kulowa m'shedi. Njinga inali chiimire, itangophwanyika pang'ono pa thanki. Munthu anapita, chitsulo chili bwinobwino. Ndikukweza hamala, ndinamva mawu kumbuyo.

"Yamba ndi nyale, ndi imene imasweka mosangalatsa."

Anali Mayi Thwaite, a nyumba ya kuseri kwa mpanda wathu. Nthawi ya nkhondo ankanyamula makalata a asilikali pa njinga yamoto, ndipo kwa zaka zambiri ndiwo ankayang'anira mpikisano pa Khwawa la Mtovu, pensulo ili kukhutu.

"Ukaiphwanya iyi, Thelma akabwereka ya mwana wa a Dinsdale, yolusa kuposa iyi," anatero. "Ukaphwanyanso imeneyo?"

"Ndinawapha ndine, mayi."

"Masamu ako aja ndinawaona, Hedley ankaonetsa aliyense monyadira. Munalibe cholakwika. Unangoyankha funso limene phiri silinakufunse. Taika hamalayo pansi, upendeketse njingayi."

Ndinaipendeketsa. Itangodutsa pang'ono inandikoka mwamphamvu, ndinachita kuitchinga ndi bondo.

"Waona? Mavavu ali pamwamba pa pisitoni ndi zitsulo zake zonse. Mutu waukulu, wolemera. Ikayamba kugwa siikudikira. Tiye ku nkhuku."

Injini ya bambo inali yoyera ndi zitosi. Mayi Thwaite anaipukuta ndi udzu.

"Iyi mavavu ake ali m'mbali, m'munsi. Mutu wake ndi chivundikiro chabe, ngati cha poto. Kulemera konse kuli pansi, pafupi ndi mapazi ako."

"Koma ndi yofooka."

"Pamsewu, inde. Ukaithamangitsa imatenthanso msanga, sindikunamiza. Koma thanthwe lonyowa silifuna mphamvu yadzidzidzi. Tayala limazungulira pachabe, kenako likagwira, njinga imaimirira ngati hatchi n'kukugwera. Iyi imaphulika kamodzi, n'kupuma, n'kuphulikanso. Pakupumapo ndi pamene tayala limaluma mwala. Ndipo ikavuta uli kuphiri, umaimasula ndi masipanala awiri. Ine ndinayenda ndi mtundu womwewu zaka zinayi m'matope a nkhondo, sunandikanepo."

Ndinakhala pansi pomwepo, pa zitosi, n'kulira. Anandisiya ndilire. Nditamaliza anati, "Nanga manja a kukolejiwo amangodziwa pensulo?"

Tinaigwira masabata atatu kuti tiibwezere m'njinga. Ine ndinapera mavavu, Thelma anatsuka dzimbiri, Mayi Thwaite ankalamula atakhala pa ndowa. Tsiku limene inalira, anauza Thelma kuti aike giya yoyamba asapotokole mafuta. Ine anandiuza kuti ndiziyenda pansi pambali pake. Njinga inkayenda pang'onopang'ono kuposa ine, *du, du, du*, osazima.

Amayi anaona zonsezi ali pazenera. Kenako anatuluka, manja ali ndi ufa.

"A Thwaite, mukufuna mundiphere wachiwiri?"

"Mayi a Hedley, sindingakulonjezeni kuti sagwa. Aliyense amagwa. Koma tamvani. Hedley sanafe ndi kugwa kokha, anafa chifukwa panalibe womuchotsera njinga. Ndiye mwanayu asadzapitenso kuphiri yekha, ngakhale kwa mphindi zisanu. Asanakwere malo aliwonse, ayambe wawayenda ndi miyendo. Ndipo kumutu azivala chisoti cholimba, osati kapu yansalu ya anyamata onyadawa."

"Chisoti chija chimandisandutsa bowa," anatero Thelma.

"Bowa wamoyo," anayankha Mayi Thwaite.

Amayi anasasa ufa m'manja. "Akaphwanya limodzi mwa malamulo atatuwa, njingayi ndikaiponya ndekha mumtsinje." Anabwerera m'nyumba.

Tsiku la mpikisano mvula inagwa kuyambira m'mawa. Anyamata ataona injini yathu anayamba.

"Thelma, ukamaliza udzatitchetchere kapinga kwathu!"

"Ndidzayamba ndi tsitsi lako," anayankha, akumanga chisoti.

Ine ndinali ndisanapondenso ku Khwawa la Mtovu. Komabe ndinayenda ndi Thelma thanthwe lonse, tikuloza poterera ndi pouma. Kenako ndinakaima kunsi, pamalo pamene anawapeza a Hedley, manja ali okonzeka. Nditakweza maso ndinaona amayi ataima pamwamba, atafunda jasi la bambo. Sanatiuze kuti abwera.

Okwera asanu ndi mmodzi anayesa thanthwelo Thelma asanayese. Anayi anaponda pansi, mmodzi injini inamuzimira. Mwana wa a Dinsdale njinga inamuimirira, iye anadumphira kumbali, ine ndi anthu awiri tinaigwira isanamugudubuzikire. Anadzuka akutukwana, wamoyo.

"Nambala 23!" anaitana Mayi Thwaite.

Thelma anabwera ataimirira pa zopondera, pang'onopang'ono mochititsa manyazi. Pakati pa thanthwe tayala lakumbuyo linaterera. Injini inatsika mawu. *Du.* Ndinatambasula manja. Phazi lake linachoka pa chopondera, likulendewera m'mwamba. *Du.* Tayala linaluma. Phazi linabwerera. *Du, du, du*, mpaka pamwamba, pafupi ndi pamene panaima amayi.

Mayi Thwaite anachotsa pensulo kukhutu. "Ziro!" anakuwa. Pa thanthwe lija tsiku limenelo, amene sanaponde pansi anali Thelma yekha. Amayi sanaombe m'manja. Anangogwira chisoti cha mwana wawo ndi manja onse awiri, osachisiya.

Mpikisano wonse Thelma anakhala wachisanu ndi chinayi. Pamsewu wobwerera aliyense anatipitirira, ndipo madzulo tinadya tonse atatu.

Ndalemba izi chifukwa cha inu amene muli ndi njinga m'shedi ndi mwana wofuna kukwera. Sankhani injini molingana ndi malo amene ikayende, osati molingana ndi manambala a papepala. Pa miyala yonyowa, injini yofatsa, yolemera pansi, imene siizima ikamayenda pang'onopang'ono, imaposa yamphamvu. Yendani malowo ndi miyendo musanakwere. Valani chisoti. Ndipo wina akakuuzani kuti khala, ndibwera tiyi asanazizire, valani nsapato mumutsatire.

A Hedley anamwalira Lamulungu, pa 16 Novembala 1958.