Singano Yopindika

Chikwamacho ndinachizindikira chisanalowe n'komwe pakhomo. Chinali paphewa pa mtsikana wovala yunifolomu ya unesi, choyera, cha ulusi wa thonje, ndipo kuyambira kukamwa mpaka pansi chinali ndi kamzere kamodzi pomwe ulusi unatayana pang'ono. Wina sangakaone. Ine ndingakapeze ndi chala maso ali chitsinzinire.

Makina anga olukira amakhala kuseri kwa shopu ya azakhali anga, omwe ndi telala. Ali ndi singano zambirimbiri zondanda ngati mano a chipeso, ndipo imodzi ndi yopindika. Anaipinda ndi chibwenzi changa Mawa, tsiku lomwe anabwera kudzakonza magetsi. Pofuna kundisangalatsa anagwira chokankhira cha makina n'kuchikankha ngati wilibala. Dzina la Mawa anamupatsa ndi azakhali, chifukwa ukamufunsa za tsiku lokaonekera kwathu yankho lake limakhala lomwelo.

Singanoyo sindinaisinthe. Mawa anati kamzere komwe imasiya ndi chinsinsi chathu awiri, ine n'kumamwetulira ndekha ngati chitsiru. Ndikamaluka za makasitomala ndinkaizemba. Ndinaigwiritsa ntchito pa chikwama chimodzi chokha, chomwe anandipempha kuti ndilukire amayi ake.

"Odi kuno! Oluka ndinu?" anafunsa nesiyo.

"Ndine. Lowani asisi."

"Zogwirirazi zatanuka. Ndikangoikamo nsapato ndi botolo la madzi, chikumandimenya m'mawondo. Mungazifupikitse?"

Ndinachilandira. Thonje ndi choncho, likatanuka silibwereranso. Ndinali nditamuuza Mawa kuti amayi ake asamaikemo zolemera, iye n'kuyankha kuti amayi ake amangonyamula mpango ndi mankhwala.

"Munachigula kuti?"

"Ndi mphatso. Chibwenzi changa chinachita kuitanitsa kunja." Anaseka mwamanyazi, n'kuloza ndi chikhadabo. "Mukukaona kamzere aka? Akuti ndi chinsinsi chathu awiri."

Makina a azakhali, omwe amalira osapuma tsiku lonse, anangoti zii.

Chikwama ndikanatha kukhululuka. Koma mawuwo! Anali anga okhawo, ndinkagona nawo ndi kudzuka nawo, osadziwa kuti mwini wake amawagawa ngati maswiti.

"Bambowo amagwira ntchito yanji?"

"Zamagetsi. Ali pa ngodya apo, akundidikira. Amandiletsa kulowa muno, akuti fumbi la nsalu limamuyetsemulitsa."

"Limamuyetsemulitsa!" anatero azakhali uku akuvula tepi m'khosi. "Chaka chathunthu akumwa tiyi wanga muno, sindinamvepo ndi etsi yemwe. Mundidikire."

Nesi anandiyang'ana, kenako n'kuyang'ana chitseko. Ndinakoka singano zapakati, yopindika ija ili momwemo, n'kukoleka ulusi, n'kupachika zitsulo zokokera nsalu pansi. Ndinakankha uku ndi uku mwaukali mpaka tebulo linagwedera. Kansalu katatalika ngati chikhatho ndinakachotsa n'kukayala pambali pa chikwama chake. Mizere iwiriyo inali ngati mapasa.

"Kunja kwake ndi kuno," ndinatero. "Ine anandiuza kuti n'cha amayi ake."

"Amayi ake?" Mawu ake anatuluka owuma. "Ine anandiuza kuti amayi ake anamwalira ali mwana."

Azakhali analowa atamugwira Mawa malaya kumbuyo ngati thumba la zigamba. Mawa anaona ine, anaona nesi, anaona chikwama, nkhope yake n'kuchita mbuu.

"Wokondedwa," anayamba.

"Uti?" tinafunsa tonse awiri.

"Ayetsemule kaye," anatero azakhali, ataima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Ndikufotokozerani. Inu mukudziwa akazi mumafulumira kupsa mtima. Zinthuzi zimangofanana, makina ndi ambiri m'tauni muno."

"Makina ndi ambiri, koma amene unawapinda singano ndi dzanja lako ndi awa," ndinakuwa. "Ndinaluka chikwama ichi msana ukuwawa, ndikulota kuti amayi ako akachinyamula adzati mpongozi wanga ndi waluso. Iwe galu, ngakhale bodza latsopano unalephera kumupangira mnzangayu?"

Nesi anakhuthula zonse pa tebulo, nsapato, botolo, makiyi, n'kundikankhira chikwama.

"Asisi, chimasuleni."

Ndinadula zogwirira ndi sizasi, n'kumasula misoko yam'mbali. Nsonga yomaliza ya ulusi ndinaibisa ndekha mkati mwa mpendero, moti sindinavutike kuipeza. Choluka cha pa makina chimakoma pamenepo: ukagwira nsonga yoyenera, chonse chimakutsata. Ndinakoka. Mzere woyamba unathawa kuti prrr, wachiwiri pambuyo pake. Nesi anatola ulusi n'kuyamba kuukulunga pa zala, ine ndikukoka, iye akukulunga. Kamzere kaja kankafupika tikuona.

"Chonde, mitima itsike kaye," anatero Mawa. "Tikambirane bwinobwino mawa."

Azakhali anaseka mpaka anagwira chitseko.

Chikwama chitatha, ndinasolola kachitsulo kakatali komwe kamapanikiza singano, n'kuzula yopindika ija. Inali kanthu kakang'ono, kopepuka ngati udzu. Ndinadabwa kuti ndakhala ndikukasunga nthawi yonseyi. Ndinamutambasula Mawa dzanja, n'kumuika m'chikhatho, n'kumupinda zala mwamphamvu mpaka anati mayo.

"Chinsinsi chako icho. Ukapatse wachitatu."

"Ulusiwu nawo atenge?" anafunsa nesi.

"Ayi. Ulusi ndi wanga, ndinagula ndekha."

Azakhali anam'patsa njira, ndipo anatuluka osacheuka. Ali pa msewu tinamumva akuyetsemula.

Nesi anakhala pa mpando, nsapato zili pamiyendo, n'kuyamba kulira mwa mkwiyo, kopanda mawu. Inenso misozi inali pafupi, koma ndinatsegula kabokosi n'kulowetsa singano yatsopano. Ulusi womasula umakhala wopotanapotana, umafuna kuunyowetsa kaye kuti uwongoke, choncho ndinauviika m'beseni.

"Katundu wanuyu simungayende naye m'manja," ndinamuuza. "Ulusi ukauma ndikulukirani china, cha zogwirira zazifupi zopinda kawiri."

Anapukuta m'maso ndi mkono. "Chopanda mzere."

"Chopanda mzere."